Mmene ndimaphunzitsira ana a uinjiniya dizaini ya eyakoni ndi kayendedwe ka mpweya kuno ku Salima

Anzanga amene mumaphunzitsa ana a uinjiniya, kaya muli ku koleji kaya mumangolandira aja obwera pa attachment ngati ine, ndati ndilembeko mmene ndimayendetsera phunziro la HVAC, ndiye kuti kutenthetsa, kusintha mpweya ndi kuziziritsa mnyumba. Chandipangitsa nchakuti ana ambiri amandipeza ataloweza mafomula bwinobwino, mayeso anakhoza ndithu, koma ukawalowetsa mu ofesi yotentha nkuwafunsa kuti kodi kutenthaku kukulowera pati amangoyang'anana, kenako wina nkutulutsa foni kuti afufuze kuti chipinda cha sayizi imeneyi chimafuna ma BTU angati, muyeso uja wa mphamvu ya eyakoni. Zimandiwawa chifukwa anawa ndi anzeru, kungoti tinawayambitsira kumapeto.

Nde tsiku loyamba buku lisiyeni kaye. Ngati ndandanda ikulola yambani phunziroli mu Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe, nthawi ija Salima amachita kuwotcha olo nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Cha mma 2 koloko masana alowetseni mkalasi ya malata yopanda siling'i, mutseke chitseko, akhale momwemo mphindi 15. Gulu lililonse likhale ndi themometa wamba komanso kamfuti kaja koyezera kutentha patali, koma pezani kamene kamafika madigiri 100 kapena kuposa, osati kakuchipatala koyezera pamphumi, kameneko pamalata kamangolemba kuti Hi basi. Ayeze mpweya pakati pa chipinda, ayeze malata kunsi kwake, khoma la kuzambwe, khoma la kuvuma, galasi la windo, simenti ya pansi. Malata akagwira dzuwa la masana amadutsa madigiri 60 mosavuta ndipo mwana akaona nambala imeneyo ndi maso ake thukuta likuyenderera kumsana saiwalanso. Mukatuluka mmenemo pitani nawo pa nyumba yofolera ndi udzu yokhala ndi khonde, mupemphe eni ake kuti muyezeko, kenako pansi pa mtengo wa mango. Manambala onse alembe mkope, ndipo funso la homuweki ndi limodzi lokha, nchifukwa chiyani agogo masana amayala mphasa pakhonde kapena pansi pa mango osati mnyumba ya malata imene ana awo anawamangira.

Mawa lake mpamene mumatchula maina achingerezi aja. Conduction ndi supuni imene yatentha chifukwa yakhalitsa mu tiyi, convection ndi mpweya wotentha ukukwera pamwamba pa mbaula, radiation ndi kuotha moto, nkhope ikumva kutentha pamene simunaukhudze. Pa radiation pamenepa chedwanipo, chifukwa mpamene ana amaphonya. Munthu amene wakhala pansi pa malata otentha akuotha malatawo ngati mmene amaothera moto, nchifukwa chake themometa ya mpweya imatha kunena 34 koma thupi likumva zoposa pamenepo. Dzuwa la masana kunja kopanda mitambo limabweretsa pafupifupi ma watt 1,000 pa sikweya mita iliyonse ya denga, nde awerengetse okha kuti denga la kalasi yonse likulandira zingati.

Chachiwiri ndi njira ya dzuwa, ndipo apa samalani ndi mabuku. Mabuku ambiri amene tili nawo analembedwa ku America ndi ku Ulaya, amanena kuti windo loyang'ana kummwera ndi limene limalandira dzuwa kwambiri, zimenezo nzoona kwawoko. Ife Salima ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale limadutsa pamutu penipeni, ndipo mu Disembala limakhala chakummwera pang'ono. Ndimawauza azike ndodo panja nkumalemba chithunzithunzi chake 8 koloko, 12 koloko ndi 4 koloko madzulo. Amazindikira okha kuti mdani wamkulu kuno ndi denga, kenako windo la kuzambwe limene dzuwa la madzulo limalowa chopingasa, khonde lalifupi silingalitchinge. Mwana amene wamvetsa izi akamajambula pulani amaika mbali zazitali za nyumba kuyang'ana kumpoto ndi kummwera osauzidwa.

Za mphepo ndimakonda kuwatengera ku Senga Bay akacheze ndi asodzi, chifukwa palibe amene amaidziwa mphepo ya kuno kuposa munthu amene moyo wake uli pa bwato. Awafunse kuti achimwene mwera umayamba mwezi uti, mpoto umabwera liti, masana kamphepo kamachokera kuti nanga usiku. Adzamva kuti mwera umawomba miyezi yozizira kuchokera chakummwera, ndipo masiku abata masana kamphepo kamachokera kunyanja kupita kumtunda, usiku nkutembenuka. Tikabwerera mkalasi timayatsa kakoyilo ka udzudzu nkumatsatira utsi. Tsegulani windo limodzi lokha, utsi umangozungulira pompo. Tsegulani lina mbali inayo, utsi umawoloka chipinda chonse. Tsegulani chitseko ndi kabowo ka pamwamba pafupi ndi denga, utsi umakwera nkutulukira kumwambako chifukwa mpweya wotentha ngopepuka. Basi cross ventilation ndi stack effect zaphunzitsidwa ndi kakoyilo kamodzi. Musaiwale kuwakumbutsa kuti kuno nkwa malungo, windo lililonse liyenera kukhala ndi waya wa sefa uja timati gozi, ndipo wayayo amachepetsa mphepo yolowa, nde windo likhale lalikulupo kusiyana ndi mmene masamu opanda gozi akunenera.

Tsopano chinyezi, mutu umene ana amauopa chifukwa cha psychrometric chart, tchati cha kutentha ndi chinyezi cha mpweya, ndi mizere yake yopingasapingasa ija. Ine ndimabweretsa mtsuko wadothi wa madzi ndi chigubu cha pulasitiki, zonse zikhale pamthunzi umodzi kuyambira mmawa, masana ayeze. Madzi a mumtsuko amapezeka ozizirirapo chifukwa amene akutuluka mtimabowo ta dothi akamauma amatenga kutentha, kilogalamu imodzi ya madzi kuti isanduke nthunzi imafuna pafupifupi ma kilojoule 2,450, chimodzimodzi thukuta pathupi. Kenako amapanga chida chawo, mathemometa awiri omangidwa pa kathabwa, imodzi yokulunga kansalu konyowa kunsonga, nkumazunguza ndi chingwe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Youmayo ndi dry bulb, yonyowayo ndi wet bulb, manambala awiriwa akawaika pa tchati amapeza relative humidity (kuchuluka kwa chinyezi mu mpweya), dew point (madigiri amene mame amayambira kupangika) ndi magalamu a madzi mu kilogalamu ya mpweya. Achite zimenezi mu Okutobala, manambala awiriwa amatalikirana kwambiri chifukwa mpweya ngouma, adzabwerezenso mu Januwale mvula ili mkati, adzaona ayandikana. Apo mwana amamvetsa yekha kuti makina oziziritsa ndi madzi aja angathandize mchilimwe koma mdzinja amangowonjezera chinyezi. Ndimawauzanso kuti Willis Carrier, amene anayambitsa eyakoni yamakono, pamene ankapangira fakitale ina ya ku Brooklyn makina ake mu 1902 sankafuna kuziziritsa anthu ayi, vuto linali chinyezi chimene chinkafufumitsa mapepala pa fakitale yosindikiza mabuku mitundu ya inki nkumaphonyana. Eyakoni inabadwira pa nkhani ya chinyezi, nde mwana asamaone ngati latent heat, kutentha kobisika mu chinyezi kuja, ndi mutu wongowonjezera.

Zonsezi zikatha ndi pamene timagwira masamu a cooling load, ndiye kuti kutentha konse kumene eyakoni iyenera kuchotsa, ndi manja, pa pepala, kompyuta ili chitsekere. Chitsanzo chimene ndimayambira ndi ofesi ya mamita 5 kwa 4, kutalika mamita 3, khoma limodzi lokha la mamita 5 ndi limene lili kunja ndipo layang'ana kuzambwe, makoma enawo agundana ndi maofesi ena. Tiyerekeze kunja kuli madigiri 35 mkati tikufuna 24, kusiyana kwake 11. Windo ndi la masikweya mita 2 lopanda chotchinga, dzuwa la madzulo tiyerekeze likulowetsa ma watt 500 pa sikweya mita, imeneyo ndi 1,000. Khoma la njerwa zowotcha lopaka pulasitala U-value yake, ndiye kuti ma watt amene amadutsa pa sikweya mita pa digiri iliyonse ya kusiyana, ili cha pa 2, nde masikweya mita 13 otsalawo kuchulukitsa ndi 2 ndi 11 zikupereka 286. Denga ndi limene ana amadabwa nalo, ngati pakati pa malata ndi siling'i ayeza madigiri 50, siling'i yopyapyala ya U-value cha pa 3, masikweya mita 20, kusiyana 26, zikutuluka 1,560. Anthu 4 ogwira ntchito ya pa desiki aliyense amatulutsa pafupifupi ma watt 130, mwa amenewa 75 ndi sensible (kotenthetsa mpweya) 55 ndi latent (kwa chinyezi), pamodzi 520. Makompyuta 4 tiike 400, magetsi owunikira 100. Mpweya watsopano malita 10 pa sekondi munthu aliyense, ndiye malita 40, kuchulukitsa ndi 1.2 wa mfomula ya sensible ndi 11 tikupeza 528, ndipo ngati mpweya wakunjawo uli ndi magalamu 8 a madzi pa kilogalamu kuposa wamkati, 3 wa mfomula ya latent kuchulukitsa ndi 40 ndi 8 tikupeza 960. Zonse pamodzi zikufika cha pa ma kilowatt 5.4. Kilowatt imodzi ndi ma BTU 3,412 pa ola, nde eyakoni ya 18,000 BTU ikuchepa pang'ono, wogulitsa mtauni adzati bwana tengani ya 24,000.

Musaimire pamenepo, phunziro lenileni layamba tsopano. Auzeni kuti bwererani pa pepala lomwelo, musakhudze makina, chotsani kutentha. Wina amaika chotchinga kunja kwa windo kapena kubzala mtengo, 1,000 ija imatsika mwina kufika 300. Wina amayala insulation, chotchinga kutentha chija, pamwamba pa siling'i, kuboola mipata yotulutsira mpweya wotentha kudenga ndi kupenta malata oyera, 1,560 imabwera cha pa 400. Akaphatikizanso amapeza ma kilowatt 3.5, amene ndi eyakoni ya 12,000 BTU yeniyeni, ija amati tani imodzi. Theka la makina amene wogulitsa amafuna kutigulitsa, ndipo mayunitsi a ESCOM mwezi ndi mwezi atsika. Nkhope za ana pa nthawi imeneyi ndimazikonda kwambiri, umachita kuona kuti wina wazindikira ntchito ya injiniya.

Ana ambiri amaganiza kuti makina aakulu ndiwo chitetezo, bola yaikulu kusiyana nkuti ichepe. Ndimawafotokozera zimene ndinaona pa loji ina kunyanja kuno. Anaika ma eyakoni a 24,000 BTU mtizipinda togona tating'ono, kenako anandiitana mu Febuluwale kuti alendo akudandaula fungo. Nditalowa chipinda chinali chozizira ndithu koma mabulangete ali nyowee, kuseri kwa wadilopu chuku chili bii, nsapato za mlendo zitamera zoyera. Makinawo amati akayaka mphindi zochepa chipinda chazizira, themositati nkuzimitsa kompuresa, chinyezi chisanachotsedwe nkomwe, nde mpweya umakhala wozizira koma wonyowa. Makina a sayizi yoyenera amayenda nthawi yaitali ndipo madzi amachita kudontha pa paipi kunja, kudontha kumeneko ndiye ntchito ikugwirika. Ndimawatuma aike botolo pa paipi ya eyakoni kwa ola limodzi, ayeze madziwo, achulukitse ndi 2,450 ija, apeze okha latent load imene makina achotsa.

Chinthu china chimene muyenera kuchikhomerera, split unit ya pakhoma ija siyilowetsa mpweya watsopano, imangozunguza womwewo. Ana ambiri sadziwa zimenezi, olo akuluakulu mmaofesi. Anthu 20 mu chipinda cha misonkhano mawindo otseka eyakoni ikulira, pakatha ola aliyense akuyasamula mutu ukuwawa. Ngati mungapeze kamita koyezera carbon dioxide kabweretseni, kunja kamawerenga cha pa 420 ppm, mutseke kalasi muone mmene kathamangire kudutsa 1,000. Nkhaniyi imakula tikafika ku zipatala chifukwa cha TB ndi matenda ena oyenda mumpweya. Malangizo a WHO a 2009 okhudza mpweya wolowa wokha mzipatala amanena malita 60 pa sekondi pa wodwala aliyense mu wodi wamba, ndi malita 160 mchipinda cha odwala matenda oyenda mumpweya. Mwana amene angajambule wodi yotseka mawindo nkuikamo ma split unit okhaokha ndimamubwezera pepala lake, olo masamu ake akhale olondola chotani.

Makina enieniwo ndimaphunzitsa ndi firiji yakutha yogula kwa amakaniko a mafiriji pamsika. Aione kompuresa, akhudze condenser kumbuyo, atsatire kapaipi kopyapyala ka capillary mpaka ku evaporator, ajambule okha mzere wa gasi, kenako mpamene p-h diagram, tchati cha pulesha ndi kutentha kumene gasi wanyamula, imalowa. Ndipo amakanikowo muwaitane mkalasi tsiku limodzi, muwapatse ulemu wawo ndi kangachepe, aonetse anawo kupanga flare, kukoka vacuum, kufufuza podontha gasi ndi thovu la sopo. Injiniya amene sanagwirepo geji amajambula zinthu zosatheka kuzikonza, amaika outdoor unit pakhoma la kuzambwe padzuwa, kapena pamwamba poti munthu sangafike kukatsuka, pamene kuno fumbi la mchilimwe ndi tizilombo ta nkhungu tija timatuluka mnyanja ngati utsi, makamaka cha ku Nkhotakota, timatseka condenser msanga. Paipi yotulutsa madzi nayonso ikhale yotsetsereka, ndaona siling'i zambiri zitawola chifukwa cha kapaipi kamodzi kogonekedwa molakwika.

Pa gasi apatseni mbiri mwachidule. Montreal Protocol ya 1987 ndi imene inayambitsa kuthetsa magasi owononga ozone, R22 amene akadali mmakina akale ambiri ali mgulu lothetsedwa, ndipo Kigali Amendment ya 2016 inawonjezera magasi a gulu la HFC, monga R410A ndi R32, chifukwa chotenthetsa dziko. R410A mphamvu yake yotenthetsa dziko ndi yoposa 2,000 poyerekeza ndi carbon dioxide, R32 ndi 675, pamene R290 ndi 3 yokha koma ndi propane, amayaka moto, chimodzimodzi R600a wa mmafiriji atsopano. Mwana adziwe kuwerenga kachitsulo kolembedwa pa makina asanayatse moto wowotcherera paipi.

Magetsi nawo ndi gawo la dizaini kuno kwathu. Eyakoni ya ma kilowatt 3.5 yokhala ndi COP ya 3, ndiye kuti imachotsa kutentha kochuluka katatu poyerekeza ndi magetsi amene yadya, imadya magetsi opitirira pang'ono kilowatt imodzi, awerengetse maola pa tsiku, masiku pa mwezi, apite akafunse mtengo wa yunitsi, abwere ndi bilu. Tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, ma megawatt pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi, magetsi kumathima maola ambirimbiri. Nde pa pulojekiti iliyonse ndimafunsa kuti magetsi akathima 1 koloko masana mu Novembala, anthu akhalamo mnyumba yakoyi kapena athawira panja? Mawindo azitha kutseguka, fani ya kudenga ikhalepo chifukwa imadya pang'ono ndipo kamphepo kake kamalola kuti themositati ikhale pa 26 anthu osadandaula. Ubwino wake nthawi imene kukutentha kwambiri ndi yomweyo imene sola ikupereka mphamvu zambiri, ndipo ana a kuno chitsanzo ali nacho pafupi, siteshoni ya sola ya ma megawatt 60 imene inatsegulidwa ku Salima konkuno mu 2021.

Kutenthetsa sinditayapo nthawi yambiri, Salima safuna hita. Koma ndimawakumbutsa kuti mawa ntchito adzaipeza ku Dedza kapena ku Mzuzu kumene Juni ndi Julayi amaluma, ndipo masamu ndi omwewo kungotembenuza, kutentha kukuthawira kunja. Zitsanzo zapafupi ndi chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, khola la anapiye, giza ya sola ndi tenti yowumitsira usipa ndi dzuwa. Ndipo asatuluke mkalasi osadziwa kuti mbaula ya makala mchipinda chotseka imapha ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo.

Mapulogalamu a pa kompyuta, kaya HAP ya Carrier kaya EnergyPlus imene ndi yaulere, abwere kumapeto, mwana atachita kale load zitatu kapena zinayi ndi manja. Ndipo aonetsetse kuti weather file imene wasankha ndi ya malo otentha a kunyanja, chifukwa ambiri amangotenga ya Lilongwe, pamene Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo Salima ili cha pa 500, nyengo zake nzosiyana. Yankho la kompyuta likasiyana kwambiri ndi la pa pepala asasankhe limodzi, afufuze chimene chasiyanitsa.

Pulojekiti yomaliza ikhale nyumba yeniyeni imene angathe kuiyendera ndi tepi, gulu lina cold room ya chambo kunyanja, lina labu ya makompyuta, lina wodi ya amayi oyembekezera. Pochonga ine malikisi ambiri ndimaika pa zinthu zimene anayeza okha ndi pa kutentha kumene achotsa asanasankhe makina, sayizi ya eyakoni imatenga ochepa. Tsiku lofotokoza ndimaitana mwini nyumbayo kapena amene amagwiramo ntchito, nesi, msodzi, mphunzitsi, akhale kutsogolo, ndipo mphindi 5 zoyambirira mwanayo afotokoze mChichewa, popanda fomula, kuti mayi kapena bambo kutentha kukulowera apa, tikufuna titseke chonchi, ndalama zake ndi izi. Akafunsidwa funso ayankhe yekha, ine ndimakhala kumbuyo ndi kope langa.